Dzanja M'mimba mwa Roketi ya Mnzako

Panali mnyamata wina pa yunivesite ina, dzina lake Maziko, amene ankaphunzira za uinjiniya. Anali wanzeru, zimenezo tisamumane. Manja ake analinso aluso. Chitsulo chimene anzake ankalimbana nacho mpaka thukuta kamukamu, iye ankangochigwira, icho n'kumvera. Koma mumtima anali ndi chilonda, ndipo m'malo mochitsuka ankachikanda tsiku ndi tsiku.

Chilondacho chinabwera motere. Chaka chilichonse, nyengo ya dzuwa loswa mtengo, magulu a ophunzira a m'mayunivesite osiyanasiyana ankakumana pa dambo lina lalikulu louma kukapikisana pa maroketi. Musaganize za tinthu tija ana amaphulitsa pa Khirisimasi, ayi. Awa anali maroketi aatali kuposa munthu, onenepa ngati ntchafu ya mlimi, odzaza wonga kumatako, othamanga mpaka kuboola mitambo. Gulu lililonse linkajambula lokha pulani, kupanga lokha, kuulutsanso lokha. Lamulo linali lakuti roketi ikwere kuposa zinzake, koma itsikenso yamoyo. Ikafika pamwamba penipeni, kawonga kochepa kamaphulika m'kati, mutu wa roketi umazuka, ndipo parachuti, chiambulera chachikulu cha nsalu, imatuluka n'kuitsitsa pang'onopang'ono. Ikagwa n'kuphwanyika, ngakhale itakhala kuti yagunda mwezi, eni ake ankabwerera chimanjamanja. Opambana ndiwo ankatumizidwa kunja kukapikisana ndi a mayiko ena.

Chaka cham'mbuyo mwake roketi ya Maziko sinaboole mtambo uliwonse. Inanyamuka bwinobwino, kenako inadzandira ngati woledzera n'kukadzizika m'chulu. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Kuyambira tsiku limenelo anamutcha Bwana Chulu, ndipo dzinalo linam'matirira. Kodyera, Bwana Chulu. Ku mpira, Bwana Chulu. Ngakhale ophunzira atsopano, osadziwa n'komwe chiyambi chake, ankamupatsa moni ndi dzina lomwelo mwaulemu wonse. Amene anapambana chaka chimenecho anali a yunivesite ina ya kumapiri, otsogozedwa ndi mtsikana wina dzina lake Upile. Upile sanaseke nawo tsiku lija. Koma munthu wa chilonda sasankha womukwiyira, ndipo Maziko anamusungira chakukhosi mtsikanayo.

Tsopano chinali chaka chake chomaliza pa sukulu. Akalephera apa, basi, sipadzakhalanso mpikisano wina woti achotse manyaziwo. Choncho anapanga roketi ina, naitcha Chiombankhanga. Anawakhaulitsa anzake a m'gulu. Chipsepse cha kumchira kwa roketi chikapendekeka pang'ono ngati tsitsi, ankalamula kuti achidule ayambirenso. Mlongo wake anachita chinkhoswe kumudzi, iye sanapite, ati utomoni womatira zipsepse sunaume. Amayi ake anadandaula pa foni, iye anangoti, "Mudzamva pa wailesi." Ndipo chilungamo chinenedwe, Chiombankhanga inali roketi yabwino. Inali yowongoka, yopepuka, yolimba. Aliyense woiona ankadziwa kuti chaka chino kulibe woiposa, kupatula mwina imodzi, ya gulu la Upile, imene ankaitcha Namzeze.

Pa mpikisanowo panali mwambo. Anaukhazikitsa ndi mkulu wa oweruza, injiniya wina wokalamba amene anali atapuma pa ntchito. Roketi isanakwezedwe pa njanji yake yonyamukira, mtsogoleri wa gulu lopikisana nalo ndiye ankaiyendera, kuiyang'ana kunja ndi kupisa dzanja m'kati. Mkuluyo ankati diso la mwini limatopa, limaona chimene likufuna kuona, koma diso la mdani siligona. Woyenderayo akakhutira ankamanga kansalu kobiriwira pakhosi pa roketi. Popanda kansaluko, roketi sinkanyamuka.

Dambolo silinali la yunivesite. Linali la anthu a midzi yozungulira, odyetsamo ng'ombe zawo. Ankalibwereketsa tsiku limodzi pa chaka, mwa mtima wabwino chabe, poti ana asukulu ndi ana a tonse. Ankauzidwa kuti akuse ziweto zawo kumalire, kuseri kwa mbendera zofiira, patsinde pa mitengo. Iwo ankamvera. Ankabwera ndi ngolo zawo, akazi awo ndi ana awo, n'kukhala pamthunzi kudikira kuona zodabwitsa.

Tsiku linafika. Anachita maere, ndipo anagwa motere: Namzeze iyambe, Chiombankhanga itsatire, ndipo atsogoleri a magulu awiriwo ayenderane. Upile anapita ku tenti ya Maziko. Maziko anapita ku tenti ya Upile.

Anaizungulira Namzeze, naigogoda, nagwedeza zipsepse zake. Zonse zinali gwa. Mtima unamuwawa, chifukwa anaona kuti mtsikana uja nayenso sanagone tulo chaka chonse. Kenako anapinda mkono wa malaya, napisa dzanja m'mimba mwa roketiyo mpaka m'phewa. M'kati mwa roketi diso silifika, zala ndizo zimaona. Pansi penipeni pamakhala mphete yachitsulo, ndipo chingwe cha parachuti chimakoledwa ku mpheteyo ndi kangowe kotsekedwa ndi nati. Nati ikamangidwa, kangoweko sikangatseguke ngakhale mutakoka ndi thirakitala. Zala za Maziko zinatsata chingwe, zinapeza mphete, zinakhudza nati. Natiyo inazungulira yokha pansi pa chala chake, lendelende. Wina anali atakoleka kangoweko mwachangu, poganiza kuti amanga kenako, basi n'kuiwala.

Pankafunika zala ziwiri zokha. Kuizunguza kangapo, nkhani yatha. Kapena kutsegula pakamwa n'kunena kuti, anzanga, nati yanu iyi. Anyamata a gulu la Upile anali ataima pomwepo akumuyang'ana nkhope, osaona chimene zala zake zinkaona.

Maziko anaganiza. "Kodi ndinaisiya ndine? Dambo ndi lalikulu. Igwera pa udzu, iphwanyika, palibe afe. Nawonso alaweko m'mene kusekedwa kumakomera."

Mwamumva? Palibe afe! Ndi m'mene amayankhulira onse ochita zoipa mwaulemu. Sanabe kanthu, sanadule waya, sananame kwa munthu. Anangotulutsa dzanja lake pang'onopang'ono, nalipukuta pa thalauza. Anatenga kansalu kobiriwira, nakamanga pakhosi pa Namzeze. Ndipo mfundo ya kansaluko anaimanga yolimba bwino, mbava!

Akutuluka mu tenti anakumana ndi Upile akubwerera, mkono wake uli bii ndi mwaye.

"Achimwene," anatero Upile, "kawaya ka batire yanu yoyatsa kawonga kanali katatsala pang'ono kuduka. Parachuti yanu sikanatuluka. Ndawaonetsa anyamata anu, akawotcherera, ndipo kansalu ndamanga. Nanga yathu mwaiona bwanji?"

Apa ndiye pamene pamawawa. Munthu wakupulumutsira ntchito yako ya chaka chonse, waima pamaso pako, akukufunsa ndi mtima woyera. Tenti ili pambuyo pako pomwepo. Ukanangoti, dikirani pang'ono, ndibwererenso, pali pena sindinakhutire. Palibe akanakufunsa zambiri.

Maziko anayang'ana pansi. "Ili bwino," anatero. "Zikomo."

Anyamata a gulu la Upile anainyamula Namzeze, naikweza pa njanji pakati pa dambo. Anthu onse anabwerera kutali. Mkulu wa oweruza anawerenga chobwerera m'mbuyo pa chimkuzamawu, ndipo Upile anadina batani. Kunamveka mkokomo ngati chiphaliwali, pansi panagwedezeka, ng'ombe zinadzidzimuka. Namzeze inachoka ngati muvi, utsi woyera uli mbee pambuyo pake. Inakwera, inakwera, mpaka inasanduka kadontho. Kenako kautsi kanatuluka kumwambako, ndipo parachuti yofiira inatambasuka. Amayi a kumidzi anaimba nthungululu. Anyamata a gulu la Upile anakumbatirana, ena akugubuduka pa fumbi.

Maziko yekha sanaombe m'manja. Anali ataima pafupi ndi Chiombankhanga, maso ali kumwamba, akudikira. Ndipo anachiona chimene ankadikiracho. Parachuti itakoka chingwe, kangowe kanatseguka. Nsalu yofiira inayandama ndi mutu wa roketi wokha, ikuvina ndi mphepo. Thupi lonse, chichitsulo cholemera chija, linatembenuka n'kuyamba kutsika lokha.

Anthu onse maso anali pa nsalu yofiira, nthungululu ikupitirira. Pa dambo lonselo munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa koyang'ana. Ndipo anaona kuti roketiyo sikugwera pamene iye anaiikira m'maganizo mwake. Mphepo ya kumwamba, imene sitimaimva pansi pano, inali itaikankhira kumalire, kumitengo, kumene kunali anthu ndi ng'ombe. Anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma ganizo linamuletsa: ndikakuwa, andifunsa kuti unadziwa bwanji koyang'ana. Anatseka pakamwa. Ndinenenso, anatseka pakamwa!

Amene anakuwa ndi mkulu wa oweruza, ataona kuti parachuti ikuyandama mopepuka kwambiri. "Thawani! Thawani kumitengoko!" Koma mawu a nkhalamba sathamanga ngati chitsulo chochokera m'mitambo. Kunamveka likhweru lalitali loopsa, kenako khu!

Patsinde pa mtengo wina panaima bambo wina wa kumudzi, atagwira chingwe cha ng'ombe zake ziwiri zapagoli, zimene ankalimira ndi kukokera ngolo. Mkazi wake anali atakhala pa ngoloyo. Roketi inagwera pamsana pa ng'ombe ya kudzanja lamanja n'kuthyola fupa. Magazi anathovukira pa malaya a bamboyo. Ikanasuntha mkono umodzi wokha, bwenzi tikukamba za maliro a munthu. Ng'ombeyo inagwa chogwada, miyendo yakumbuyo itafa, ikulira kulira kumene aliyense amene analipo sanakuiwale. Anthu anabalalika, ana akulira, ziweto zikudula zingwe. Ng'ombeyo inalira mpaka munthu wina anabwera ndi mpeni.

Ophunzira ndi aphunzitsi awo anathamangira kumeneko, nafika n'kuima kakasi. Mwini ng'ombe sanatukwane. Bola akanatukwana. Anawayang'ana onse mmodzimmodzi, nati, "Munatiuza kuti tiime kuseri kwa mbendera. Taima kuseri kwa mbendera. Tsopano tiuzeni inu ophunzira, tikaime kuti?"

Bamboyo anapita pa mbendera yofiira imene inali pafupi, naizula, naiponya kumapazi kwa aphunzitsi. Mnzake anazula ina. Posakhalitsa mbendera zonse zinali pansi. Amuna a kumidzi analiza zikwapu, nakusa ng'ombe zawo zonse kulowa nazo pakati pa dambo, mpaka zinazungulira njanji yonyamukira maroketi, zina zikudzikanda pa chitsulocho. Dambo linabwerera kwa eni ake.

Mkulu wa oweruza anagwada pa zophwanyika za Namzeze, nafufuza, natola kangowe kaja. Sikanathyoke. Kanali kotseguka, nati ili kumapeto kwa mazinga ake. Anakakweza m'mwamba kuti onse aone.

Upile anabwera patsogolo misozi ili mbwembwembwe. "Ndi kathu, bwana. Tinaiwala kumanga. Mlanduwu ndi wanga." Anapita kukagwada pamaso pa mwini ng'ombe, koma bamboyo anatembenukira kumbali.

Nkhalamba ija inayang'ana kansalu kobiriwira kamene kanali kakadali pa chitsulo chopindikacho. Kenako inayang'ana Maziko.

"Unapisa dzanja?"

"Ndinapisa, bwana."

"Unafika pa nati?"

"Inkamveka ngati yomanga."

Mkuluyo anamuyang'anitsitsa. Umboni analibe, poti m'mimba mwa roketi mulibe mboni. Pomaliza anati, "Ngati sunaimve, zala zako ndi zakufa. Ngati unaimva, chakufa ndi china." Atatero anatenga chimkuzamawu nalengeza kuti mpikisano watsekedwa.

Apo ndiye Maziko anadzidzimuka. Ng'ombe ikulira, iye anali chete. Mnzake akusenza mlandu yekha, anali chete. Koma atamva kuti mpikisano watsekedwa, pakamwa panatseguka! Anathamangira nkhalamba ija. "Bwana, yathu ndi yokonzeka. Yayenderedwa, ilibe vuto. Tiloleni tiulutse yathu yokhayi, sititenga nthawi. Chino ndi chaka changa chomaliza, bwana, chonde."

Mkuluyo analoza ng'ombe zimene zinadzaza dambo, nalozanso amuna ogwira zikwapu. "Dambo si langa. Kapemphe kwa awo."

Maziko anayenda pang'ono kulowera kumitengo. Anaona anthu atayamba kusenda ng'ombe yakufa ija. Anaona mwini wake atakhala pansi, akusisita khosi la ng'ombe yotsalayo, goli lili pambali. Anabwerera.

Akuluakulu a mpikisano analonjeza kuti bamboyo amupezera ng'ombe ina. Mvula inafika lonjezo lisanafike. Ng'ombe imodzi sikoka pulawo, ndipo chaka chimenecho bamboyo ndi mkazi wake analima ndi makasu, theka la munda n'kugonera. Mbiri inayenda mudzi ndi mudzi kuti ana a yunivesite amagwetsa zitsulo pa anthu. Okonza mpikisano anapempha dambo lina, anakanizidwa. Anapempha munda wa esiteti ina, anakanizidwa. Chaka chotsatira mpikisano sunachitike, chinzakenso sunachitike. Kunja sikunapite gulu lililonse. Ophunzira amene anabwera pambuyo, osalakwa kanthu, anapeza khomo lotseka. Upile anamaliza sukulu anthu akumuloza zala kuti ndi uja anapha ng'ombe ya eni.

Nanga Chiombankhanga? Anaichotsa wonga, naikweza pa thiraki, nabwerera nayo. Anaimangirira kudenga kwa chipinda chosulira zitsulo kuti isatsekereze njira. Maziko analandira digiri yake, natuluka pa geti anthu akumutchabe Bwana Chulu. Roketi yabwino koposa imene manja ake anapanga sinachoke pansi ngakhale kutalika kwa chala. Ili pompo mpaka lero, fumbi lili mbuu, ndipo mavu amanga nyumba potulukira moto.

Tsopano inu ophunzira amene mwakhala apa, mawa muyamba kupisa manja mu ntchito za anzanu. Lero ndi roketi ya pasukulu, mkuja ndi mlatho, mabuleki a basi, mawaya a m'chipinda cha odwala. Mudzafika pamalo pamene diso la wina aliyense silifika, ndipo chimene zala zanu zamva mudzachidziwa nokha. Mwina mwini ntchitoyo adzakhala munthu amene anakusekani, kapena amene akukupingani pa mpando. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, ndipo sanati uyambe wafunsa ngati mumagwirizana. Chinthu chogwa kuchokera kumwamba sichidziwa mdani wanu. Chimagwera pa munthu amene anakukhulupirirani n'kuima pamene munamuuza.

Musadzabwere kwa ine ndi mawu akuti si ine ndinaisiya. Ukaimva nati yomasuka, manga. Ukalephera kumanga, kuwa. Ukatulutsa dzanja uli chete, waimasula ndiwe.